Kadyedwe ka Achina ku Lilongwe

Abale athu a ku Chitipa, nonse mudziwa msewu wa phula wa makilomita 101 wotsikira ku Karonga, umene Achina anamanga dziko lathu litapangana nawo ubale m'chaka cha 2007. Koma owerengeka okha mwa ife anaona kadyedwe kawo. Ku Lilongwe aphika zakwawo ku hotela ya Golden Peacock ndi m'nyumba zina za mumzindamo.

M'menemo musayembekeze nsima: mpunga ndiwo chakudya, monga kwa anzathu a ku Karonga. Nkhumba, nkhuku ndi kabichi azidula tizidutswa, nazikazinga msanga pamoto waukali, nathira msuzi wakuda wa soya. Pakudya agwira timitengo tiwiri.

Chimene chinatigwira mtima ndi ichi: ndiwo zonse aziika pakati pa gome, ndipo onse atapa m'mbale zomwezo, wamkulu atayamba. Kodi makolo athu sankadya chomwecho? Lero mabanja ambiri adya chitseko chili chotseka.

Mtengo wa chakudyacho ngwokwera. Musatayirepo ndalama za nyemba kapena za khofi wa ku Misuku. Koma mwambowo ngwathu kalekale. Tiitanenso anansi ndi alendo, tidyere pamodzi.