Zilembo zokana kumvera mu Notepad++

Aphunzitsi anzanga a Computer Studies, lero ndili nanu. Enanu musathawe, chifukwa nkhaniyi ikukhudza maso a ana athu.

Pasukulu pathu makompyuta ndi ochepa koma ana ndi ambiri, ndiye pophunzitsa kulemba mapulogalamu ndimadalira pulojekita. Timalembera mu Notepad++, ija anayambitsa Don Ho mu 2003. Ndi yaulere, ndipo imayenda ngakhale pa makompyuta otopa ngati athuwa. Chimene ndimaikondera kwambiri n'choti imapaka mawu mitundu. Mu Python, mawu ngati if, for ndi while amaoneka abuluu, ndemanga zoyamba ndi # zimakhala zobiriwira, ndipo mawu otsekeredwa m'ma quotation marks amakhala otuwa ngati phulusa. Mitunduyi imandithandiza kuphunzitsa. Mwana akalemba whlie m'malo mwa while, liwulo silisanduka labuluu, ndipo amadziwa yekha kuti penapake palakwika ine ndisanafike pa desiki pake.

Vuto n'loti pulogalamuyi imabwera ndi Courier New wa saizi 10 pa tsamba loyera. Izi zili bwino kwa munthu amene wakhala yekha pa kompyuta. Pakhoma la kalasi yopanda makatani, dzuwa la masana likulowa pawindo, zilembo zotuwa zija zimangosowa. Mu Fomu 3 ndili ndi mtsikana wachialubino, wanzeru kwambiri. Amakhala kutsogolo, komabe kuwala kwa tsamba loyera kumamupweteka maso. Anandipempha zinthu ziwiri basi: zilembo zikuluzikulu, ndi tsamba lakuda.

Mungaganize kuti ndi ntchito ya mphindi imodzi. Mupita ku Settings, kenako Style Configurator, musankha Global Styles, kenako Default Style, muika saizi 20 ndi tsamba lakuda. Tsamba lida ndithu, koma kuseri kwa liwu lililonse kutsala kachigamba koyera, ngati malaya osokedwa ndi telala woledzera. Pa makompyuta athu ena zinafika poti code yonse inakula koma ndemanga zinakhalabe ting'onoting'ono.

Chifukwa chake ndi ichi. Default Style ali ngati kholo. Chilankhulo chilichonse, kaya Python, HTML kapena C, chili ndi mndandanda wakewake, ndipo chinthu chilichonse pa mndandandawo, monga ndemanga, manambala ndi ma keyword, chili ndi timabokosi take ta font, saizi ndi mitundu. Kabokosi kakakhala kopanda kanthu, chinthucho chimatengera za kholo. Koma mukakhala molembedwa kale, za kholo sizifikamo. Mwana amene wamanga kale nyumba yake sasintha denga chifukwa choti bambo ake afolera malata. Ndemanga zokana kukula zija zinali ndi saizi yakeyake imene wina anaikamo kalekale. Titafufuta nambalayo n'kusiya kabokosiko popanda kanthu, zinakula limodzi ndi zinzake.

Pa mitundu pamavutirapo, chifukwa kabokosi ka mtundu sikakhala kopanda kanthu. Chinthu chilichonse chimabwera ndi mtundu woyera wakumbuyo wolembedwa kale, n'chifukwa chake tizigamba tija. Mukadina kabokosiko ndi batani lakumanja la mouse, pamabwera mizere yopendekera, kutanthauza kuti tsopano chizitengera mtundu wa kholo. Koma kuchita zimenezi chimodzichimodzi, chilankhulo chilichonse, kompyuta iliyonse, mpaka belu lowerukera lingakupezeni.

Pali njira yachidule yotchedwa Global override. Iyi ndiye mfumu: zimene mwachonga pamenepo zimakakamizidwa pa chilichonse, kaya chili ndi zake kapena ayi. Pa font ndi saizi ndi yothandiza zedi. Koma mukachonganso mtundu wa zilembo, zonse zimasanduka mtundu umodzi, while ndi whlie n'kufanana, ndipo phindu lonse la mitundu latha. Mukakakamiza tsamba lakuda lokha, ma keyword amatsala ndi buluu wawo uja, amene pa chakuda saoneka n'komwe.

Ndiye chimene chinatithandiza n'chiyani? Choyamba, kusankha theme imene anaipanga kale ya tsamba lakuda, monga Obsidian kapena Zenburn, chifukwa mitundu yake anaisankha kuti izionekera pa chakuda. Chachiwiri, kuika font ndi saizi pa Default Style theme itasankhidwa kale. Dongosololi n'lofunika, chifukwa theme iliyonse ndi fayilo yakeyake yokhala ndi kholo lakelake, ndipo mukasintha theme, saizi 20 ija imatsalira m'fayilo yakale. Chachitatu, kuyendera zilankhulo zimene timagwiritsa ntchito, ife ndi Python ndi HTML basi, n'kufufuta ma font ndi masaizi onse olembedwa paokha. Pomaliza, Save & Close.

Musaiwalenso kuti zosinthazi zimasungidwa mu foda ya AppData ya akaunti imene mwalowera. Mukakonza muli pa akaunti ya mphunzitsi, mwana wolowera pa akaunti ya ophunzira apeza zakale zomwe zija. Ndipo ngati nthawi yakutherani m'kati mwa phunziro, gwirani Ctrl n'kuzunguza kawilo ka mouse, zilembo zonse zikula nthawi yomweyo. Kungoti mitundu siisintha.

Wina anganene kuti izi n'zachabechabe, chofunika ndi silabasi. Ine ndikuti mwana amene sakuona kusiyana kwa colon ndi semicolon pakhoma akopera zolakwika m'kope, pulogalamu yake ikana kuyenda, ndipo ayamba kuganiza kuti mutu wake ndi umene suli bwino. Ana ambiri sanena kuti sakuona. Amangoti phunziroli n'lovuta.

Choncho mukamaliza kukonza, musaweruze muli pampando wanu. Pitani mukaime pa benchi yomaliza nthawi ya masana, muwerenge mzere umodzi wa ndemanga. Kenako mufunse mwana amene maso ake amavuta kwambiri m'kalasimo kuti asankhe yekha pakati pa ma theme awiri kapena atatu. Ngati ena mwa inu mumaphunzitsira Geany kapena Visual Studio Code, tandiuzani mmene mumachitira kumeneko.