Chipsera Chapola, Nanga Mtsempha?

Mwana akabwera kuchokera ku opaleshoni, ife akuluakulu maso athu amakhala pa chilonda. Chikauma, mwana n'kuyambanso kuthamanga ndi anzake, timati Alhamdulillah, nkhani yatha. Kuthokozako n'koyenera. Koma pa matenda ena obadwa nawo, mawu oti "yatha" timawatchula msanga.

Amodzi mwa matendawa ndi kupanikizika kwa mtsempha waukulu wotchedwa aorta, umene umanyamula magazi kuchokera mumtima. Madokotala amati coarctation. Mtsemphawu ukatuluka mumtima umakhota ngati mutu wa ndodo, n'kupereka nthambi zopita kumutu ndi kumanja, kenaka n'kutsikira kumimba ndi kumiyendo. Kawirikawiri malo opanikizika amakhala pongodutsa nthambizo, motero magazi amathamanga mwamphamvu kumtunda pamene kumiyendo akufika pang'ono. Mwa ana 10,000 obadwa, pafupifupi 4 amakhala ndi vutoli, ndipo ochuluka ndi anyamata.

Mu 1944, dokotala Clarence Crafoord wa ku Stockholm anadula kachigawo kopanikizikako n'kulumikiza mbali ziwiri zotsalazo. Kuyambira pamenepo ana ambiri amene akanafa msanga akula mpaka kuona zidzukulu. Koma zaka zimenezi zaphunzitsanso madokotala kuti vuto silikhala pa kachigawo kodulidwako pokha.

Khoma la mtsempha wabwino limatamuka ngati mphira ya legeni. Mtima ukagunda limafutukuka, kenaka limabwerera n'kukankhira magazi patsogolo. Mwa ana ambiri obadwa ndi vutoli, mitsempha ya kumtunda imakhalabe yolimba ngakhale njira itatsegulidwa, ngati mphira yokhalitsa padzuwa. Mtima umagwira ntchito yoposa muyezo, ndipo kuthamanga kwa magazi kumakwera mwakachetechete, makamaka mwana akamachita masewera. M'mera mpoyamba: amene anachitidwa opaleshoni mochedwa ndiwo ali pachiopsezo chachikulu, ngakhale kuti ochitidwa ali makanda nawonso sapulumukiratu. Malo osokedwawo akhoza kupanikizikanso kapena kutupa mwana akamakula. Ndiponso pafupifupi theka la anawa, kapena kuposerapo, chitseko cha magazi chotulukira mumtima chimakhala ndi timapiko tiwiri m'malo mwa titatu, ndipo nachonso chimafuna kuyang'aniridwa.

Ife aphunzitsi ndi makolo timakhala ndi mwana masiku onse, pamene dokotala amamuona mwina kamodzi pachaka. Ndife amene tingaone kuti mutu ukumupweteka pafupipafupi, kuti kamfuno sakutha, kuti miyendo ikuzizira kapena kutopa msanga poyenda. Komabe tisadalire maso okha, chifukwa nthawi zambiri matendawa sapereka chizindikiro. Mwana akhoza kuloweza phunziro lake bwinobwino, kuseka ndi kudya, magazi ali pamwamba.

N'chifukwa chake kuyeza sikungalowedwe m'malo ndi china chilichonse. Tikapita kuchipatala, tikumbutse kuti ayeze pa mkono wamanja, pakuti nthambi yopita ku mkono wamanzere imakhala pafupi ndi malo okonzedwawo ndipo ikhoza kuonetsa nambala yotsika monyenga. Lamba woyezera akhale wa msinkhu wa mwanayo, ndipo nthawi zina ayezenso mwendo kuti afananize. Tsiku lobwerera kwa dokotala wa mtima tisalidumphe ati chifukwa mwana ali bwino. Mankhwala akaperekedwa, tisawasiye tokha.

Kunyumba tichepetse mchere m'ndiwo, ndipo utsi wa fodya ukhale kutali. Mwanayo tisamusunge ngati dzira. Kuthamanga ndi kusewera kumathandiza mitsempha, bola tifunse dokotala za masewera olemetsa ndi kunyamula katundu wamkulu.

Chotsala ndi chimene ife aphunzitsi timachidziwa bwino: kuphunzitsa. Mwana uyu adzakula, adzachoka m'manja mwathu. Ngati ndi mtsikana, tsiku lina adzakhala woyembekezera, nthawi imene mtima ndi mitsempha zimasenza katundu wowirikiza. Adziwe dzina la matenda ake, chaka cha opaleshoni yake, ndi chifukwa chake amayezedwa mkono wamanja. Kabuku kake ka kuchipatala tikasunge mosamala, ndipo akafika msinkhu tikapereke m'manja mwake titamuwerengera tsamba lililonse.