Zingwe Zitatu za ku Chipadze

M'nyumba ina ya ku Chipadze, m'tawuni ya Bindura, mumakhala mkulu wina amene anachoka ku Dedza ali mnyamata, m'masiku a Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Mphamvu zake zambiri zinathera pansi pa mgodi wa Trojan, ndipo kwawo amamuwerengera m'gulu la matchona. M'sutukesi yake amasungamo tepi imodzi ya VHS, yojambulidwa pa ulendo wake wotsiriza wa kumudzi m'zaka za m'ma 1990. M'tepimo muli malemu mayi ake, ali pamphasa, akutchula mayina a makolo ndi midzi imene anachokera.

Wailesi yakanema yakale itafa, mdzukulu wake wamkazi anabwera ndi ina kuchokera ku Johannesburg, yopyapyala ngati chitseko cha kabati. Mkuluyo anatulutsa deki yake pamodzi ndi zingwe zitatu zija, chachikasu chotenga chithunzi, choyera ndi chofiira zotenga mawu. Anapapasa kumbuyo kwa kanemayo, koma timabowo tozungulira timene anatizolowera panalibe. Panali timing'alu tiwiri tolembedwa kuti HDMI.

Zingwe zoterezi n'zakale kuposa mwiniwake. Dzina lake lakuti RCA linachokera ku kampani ya Radio Corporation of America, imene inayamba kugwiritsa ntchito mapulagi amenewa m'zaka za m'ma 1930. Ku France kunabadwa mtundu wina mu 1977, wotchedwa SCART, wa timano 21, koma umenewu wasowa pa makanema ambiri atsopano. HDMI inakhazikitsidwa mu 2002. Kusiyana kwake sikuli pa maonekedwe okha ayi. Zingwe zakale zimanyamula chithunzi ngati mafunde a magetsi okwera ndi kutsika, pamene HDMI imanyamula manambala. N'chifukwa chake kulumikiza mawaya okha sikuthandiza kanthu.

Komabe zingwe zitatuzi sizinatheretu. Madikoda ambiri ndi makina okuzira mawu akadali nato timabowo take, ndipo makanema ena otsika mtengo amatulukabe nato. Ena amakhala ndi kabowo kamodzi kolembedwa AV, kofuna kachingwe kake ka nthambi zitatu. Kanema amene alibe zonsezi amafuna kabokosi kosandutsa mafunde kukhala manambala.

Kabokosi koyamba kamene mdzukuluyo anagula m'tawuni sikanagwire ntchito. Kanali kotenga HDMI n'kupereka ku zingwe zakale, ndipo timabokositi timayenda njira imodzi basi. Anabwererako mawa lake kukasinthitsa. Madzulo, magetsi atayaka, mayi aja anatulukira pa galasi, chithunzi chikunjenjemera m'munsi, mawu ali ndi kaphokoso ngati ka mvula ya padenga.

Ana a m'nyumbamo anakulira Chishona, cha kusukulu ndi cha pabwalo. Anaonerera mwachidwi, kenaka wamng'ono anafunsa m'Chinyanja chake chodukaduka, "Agogo, akuti chiyani?" Mkuluyo anaimitsa tepi nayamba kumasulira. Mayina a anthu anadutsa bwinobwino. Atafika pa mawu akuti mbumba anakhala chete kanthawi, popeza kuti awamasulire anayenera kufotokoza za mwambo wa kuchikazi, za mwinimbumba, ndi za udindo umene iye mwini anausiya m'manja mwa mng'ono wake pamene ankakwera basi.

Kampani ya Funai ya ku Japan, yotsiriza kupanga madeki a VHS, inaleka mu 2016. Deki ya ku Chipadze ikadzafa, ina yatsopano sidzapezeka m'sitolo, ndipo tepi nayonso imafooka ikamakalamba. Mdzukuluyo anazindikira zimenezi. Anatsamiritsa foni yake pa botolo la shuga, nailozetsa ku kanema, nati, "Agogo, bwezani tepi kuyambira poyamba. Inunso mukhale pafupi, mawu anu alowe."

Mkuluyo anakokera mpando wake kutsogolo, nakonza pakhosi.