Kamwana ka zaka zitatu pa ski

Ku mapiri a Alps ku France, sukulu ya ESF imalandira ana kuyambira zaka zitatu kuti aphunzire ski, masewera otsetsereka pa sinowo. Gulu lawo amalitcha Piou-Piou.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti tsiku loyamba sipakhala kutsetsereka kwenikweni. Mwana amayamba wazolowera kuyenda ndi nsapato zolimba za ski, kenako ski mwendo umodzi, kenako miyendo yonse. Malo ake ndi otchingidwa, osatsetsereka kwambiri, ndipo pokwera kamtunda amangoima pa lamba woyenda yekha. Ndodo samupatsa, zimangomusokoneza. Kuima amaphunzira poyandikizitsa nsonga zakutsogolo za ski, kumbuyo n'kutangadza.

Koma vuto nthawi zambiri ndi makolo. Alipira ndalama zambiri, ndiye akufuna mwana atsetsereke mpaka dzuwa kulowa. Kamwana kakangozizidwa zala, kapena kakafuna kukodza kali m'zovala zophatikizaphatikiza, basi zathera pomwepo. Ola limodzi lakwana, kenako koko wotentha. Helimeti osaiwala, magalasi ndi mafuta oteteza ku dzuwanso, chifukwa sinowo amabweza kuwala moti nkhope imapsa ngakhale kukuzizira.

Ndipo inu abambo okonda kutsetsereka mwana ali pakati pa miyendo yanu, dziwani kuti amangokutsamirani, palibe chimene akuphunzira. Mukagwa mumugweranso.

Amene muli ku Joni simuyenera kulota za Alps. Afriski ku Lesotho imakhala ndi ski kuyambira June mpaka August.