Malire a m'disiki ya pa wailesi

Mau amadya malo kuposa mmene ambiri amaganizila. Ola limodzi lojambulidwa mu WAV, pa mlingo wa CD, limatenga pafupifupi 635 MB. Tikasunga zonse zimene taulutsa usana ndi usiku, ni 15 GB patsiku, ndipo disiki ya 1 TB imadzala m'miyezi iwili ndi masiku ocepa. Mu MP3 ya 128 kbps, tsiku limatenga 1.4 GB cabe, koma nayo imaunjikana.

Seva ya pa wailesi yathu imayendela Linux. Zonse zikakhala m'gawo limodzi la disiki, zojambula za tsiku ndi tsiku zimakula mpaka Linux isowe polemba mafailo ake. Zikatelo, pulogilamu yoseweletsa nyimbo ingathe kuima, ndipo mlimi amene akuyembekezela mitengo ya cimanga amamva zii. Ndiye cifukwa cake timagawa disiki. Gawo la / ni la Linux ndi mapulogilamu ake. La /var limasunga ma log, amene amaculuka osauzidwa. Nyimbo ndi zolengeza zili ndi gawo lake, zojambula za tsiku zili ndi lake, ndipo lomaliza timalicha nkhokwe. Gawo limodzi likadzala, silingalowelele la mnzake.

Lolemba lililonse mmodzi wa ife amalemba df -h kuti aone mmene magawo adzalila. Lina likapitilila 80 pelesenti, timakhala pansi n'kukambilana. Pa ext4, Linux imasiyila woyang'anila seva 5 pelesenti ya malo. Pa gawo la / zimathandiza, koma pa gawo la mau la 1 TB ni 50 GB yongogona, conco timaicepetsa ndi tune2fs.

Sitigawa disiki yonse tsiku loyamba. Timagwilitsa nchito LVM n'kusiya malo ena osagawa, monga tsala lodzalima mtsogolo. Kukulitsa gawo la ext4 kumatheka seva ili pa nchito, koma kulicepetsa kumafuna kuliimitsa coyamba, ndipo n'koopsa kwambili malaiti akapita nchito ili mkati. Conco timayamba ndi magawo aang'ono n'kumaonjezela kumene kwathina. Nchito imeneyi sitiigwila mabatile asanadzale.

Zovuta kweni-kweni zili pa nkhokwe. Zojambula za tsiku zimafufutika zokha zikakhalitsa, ndipo palibe amene amadandaula. Koma m'nkhokwe muli mau a anyakwawa pofotokoza mmene midzi yao inayambila, ng'oma za Nc'wala ku Mtenguleni, za Kulamba ku Mkaika, ndi nthano za agogo ena amene lomba anatisiya. Wa zamasewela amafuna mpila wa caka catha usungidwe, wa pulogilamu ya azimai naye ali ndi zake. Malo sakwana onse. Kukula kumene tapatsa gawo lililonse kumaonetsa mau amene tawaona kuti ni ofunika, ndiye cifukwa cake nkhaniyi sitiisiyila wodziwa kompyuta yekha. Nyimbo yochuka tingaipezenso kwina. Mau a nkhalamba imene inakamba nafe kamodzi kokha pansi pa mtengo wa mango sapezekanso.

Komabe magawo onsewa ali pa disiki imodzi, ndipo ikafa, amafela pamodzi. Malire amaletsa gawo kudya linzake, sateteza ku mphezi, ku wakuba kapena ku ukalamba wa disiki. Conco kumapeto kwa mwezi timakopela nkhokwe pa disiki ina imene sigona ku situdiyo, ndipo timatsegula mafailo awili kapena atatu n'kumvetsela, kuti titsimikize kuti agogo aja akali kukamba.