Lunyangwa, Mtsinje Umene Timamwa

Ambiri a ife kuno ku Lupaso timaudziwa mtsinje wa Lunyangwa kudzera pampopi basi. Mtsinjewu umayambira m'mapiri a Kaning'ina, kum'mawa kwa mzinda wa Mzuzu. Kumeneko n'kumene kuli damu limene bungwe la Northern Region Water Board limapopako madzi a mzinda uno. Ukadutsa Mzuzu umalowera cha ku Ekwendeni n'kukathira mu Kasitu. Kasituyo amathira mu South Rukuru, ndipo ulendo wonse umathera m'nyanja ya Malawi.

Agogo anga amati mtsinje wamoyo umadziwika ndi eni ake: nkhanu pansi pa miyala, achule m'bango, nantchengwa akusaka chakudya m'mphepete, apusi akulimbirana masuku. Kumtunda, kumene mitengo idakalipo, ndinaziona ndi maso anga, madzi ali mbee, ozizira ngakhale mu Okutobala. Kumunsi kuno madzi ndi ofiira, majumbo ali mbwee, nkhanu kuzipeza n'kovuta.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi makala. Nkhalango ndiyo imasunga madzi a mvula m'nthaka n'kumawatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe. Mitengo ikatha, dothi limakokolokera m'damu, malo a madzi n'kuchepa, mipopi yathu n'kuuma.

Makolo athu ndi inu akuluakulu a komiti ya mzikiti, thumba la makala likafika pakhomo, chonde tizifunsa kumene lachokera. Ndipo mutipatseko malo ophunzirafe, tikonze nazale ya mitengo pasukulu pano mvula ya Disembala isanagwe.