Yang'anani kope, yang'ananinso mbale

Mphunzitsi mnzanga, ife tonse timakonda kalasi yabata. Mwana amene ankadzukadzuka, kulanda mapensulo a anzake ndi kuyankha funso lisanathe, akayamba kukhala phee timati zayenda. Koma bata limeneli nthawi zina limabwera ndi mnzake wobisala: mwanayo amasiya kudya.

Ine ndimaphunzitsa pasukulu ina ya boma ku Johannesburg. Kuno si zachilendo kukhala ndi mwana amene akumwa mankhwala a ADHD, vuto lolephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi ndiponso kujijirika kopitirira muyeso. Pa ana 100 alionse padziko lapansi, pafupifupi 5 ali nalo. Mankhwala ofala ndi methylphenidate, amene makolo amawadziwa ndi mayina oti Ritalin ndi Concerta. Ku South Africa ali m'gulu la Schedule 6, kutanthauza kuti sagulidwa popanda kalata ya dokotala. Mankhwalawa amathandizadi, ndipo ndaona ana akuyamba kumaliza ntchito imene kale ankaisiyira panjira. Komatu amachepetsanso chilakolako cha chakudya.

Taganizirani za nthawi. Mwana wamwa piritsi 7 koloko m'mawa. Ritalin wamba amagwira ntchito maola 3 kapena 4, pomwe Concerta amafika maola 12. Ndiye kuti belu lopumira likamalira, mankhwala ali pachimake. Chakudya cha pasukulu, chimene boma la Nelson Mandela linayambitsa mu 1994, chimafika pa nthawi yomwe mwanayo sakumva njala n'komwe. Makolo ali kuntchito, dokotala ali kuchipatala. Amene akuona mbale ikubwerera yodzaza ndinu.

Chaka china ndinali ndi mnyamata wa zaka 8, makolo ake ochokera ku Mangochi. Patatha miyezi iwiri chiyambireni mankhwala, kope lake linali lokongola, koma buledi wake ankagawira anzake, ndipo lamba wake anali ataboola bowo lina. Nditawauza mayi ake anadabwa. Anati, "Aphunzitsi, usiku amadya ngati wachokera kumunda, ine ndimati zili bwino." Sankanama ayi. Mankhwala akatha mphamvu madzulo, njala imabwera yonse pakamodzi. Iwo ankaona usiku, ine ndinkaona usana. Titaphatikiza zimene tinaona, anapita nazo kwa dokotala, ndipo iye anasintha kamwedwe ka mankhwalawo.

Kodi nkhaniyi ndi yaikulu bwanji? Ku America kunachitika kafukufuku wotchedwa MTA, wa ana 579. Lipoti la mu 2007 linaonetsa kuti patatha zaka 3, ana amene anayamba mankhwala anali opepukirapo ndi makilogalamu pafupifupi 2.7, komanso aafupi ndi masentimita 2, poyerekeza ndi amene sankamwa. N'chifukwa chake malangizo a bungwe la NICE la ku Britain a mu 2018 amati mwana wa zaka 10 kutsika m'munsi azikwera sikelo miyezi 3 iliyonse, ndipo msinkhu aziyezedwa miyezi 6 iliyonse. Kwa mwana amene kwawo chakudya n'chapatali kale, makilogalamu awiri si masewera.

Tsono inu mutani? Musauze makolo kuti asiye mankhwala, imeneyo ndi ntchito ya dokotala. Musakakamizenso mwana kudya kapena kumunyoza pamaso pa anzake, pakuti si mwano. Inu lembani: lero wadya theka, dzulo sanalawe. Zimenezi dokotala sangazipeze kwina, ndipo zimamuthandiza kuona ngati asinthe mlingo, nthawi, kapena kupumitsa mankhwala pa holide. Alangizeni makolo kuti mwana azidya mokwanira m'mawa asanamwe piritsi, monga phala lothira chiponde, dzira kapena mkaka, ndipo madzulo asamuwerengere mitanda.

Mwina mukuwerenga izi ku Chipata kapena ku Dedza, ndipo m'kalasi mwanu mulibe amene akumwa Ritalin. Komabe funso ndi lomweli: mwana akangoti zii, n'chiyani chamukhazika chete? Sabata ino, belu lopumira likalira, musathamangire ku ofesi. Imani pomwe ana akudyera, muone kuti ndani wabweza mbale yosakhudza, ndipo mulembe dzina lake.